Mayi a Tiyi ndi Kamtengo ka Ndalama

Mu ofesi monsemo munalibe wodziwa dzina lawo lenileni. Ankangoti Mayi a Tiyi, ngakhale kuti tiyiyo inali kachigawo chabe ka ntchito yawo. Ankasesa, kukolopa, kutsuka makapu, kupukuta mawindo, n'kumamveranso madandaulo a anthu okhala pamipando yawofuwofu. Anagwira zaka khumi ndi chimodzi ali waganyu. Kalata yowalemba ntchito yokhazikika inkangokhala ya mwezi wamawa.

Pawindo la bwana panali kamtengo ka mumphika, ka masamba onenepa, obulungira ngati makobidi. Anthu ankakatcha kamtengo ka ndalama. Tsiku lina Mayi a Tiyi analimba mtima n'kufunsa za kalata ija. Bwana, maso ali pa foni, analoza pawindo.

"Amayi, kameneka kakadzachita maluwa, kalata yanu ndidzasaina."

Bwanayo ankangoseleula, koma Mayi a Tiyi anamva lonjezo.

Kuyambira tsikulo, kalanga ine, kamtengo kanaona chikondi! Madzi m'mawa, madzi masana, Lachisanu owonjezera oti kamwe Loweruka ndi Lamlungu. Masamba a tiyi otsala mu ketulo ankapita patsinde pake. Tsamba lililonse ankalipukuta ndi kansalu kakekake, ndipo kukazizira ankakachotsa pawindo kuti kasagwidwe chimfine. Ana awo enieni sanaleredwe choncho. Kamtengo kananenepa, thunthu ngati mkono wa munthu, koma duwa ng'o, zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu.

Ndiye nyengo yozizira ya chaka chino bondo linawatupa. Anakhala kunyumba miyezi iwiri, ndipo chowasowetsa mtendere sichinali bondo ayi, koma ludzu la kamtengo. Anaimbira sekilitale katatu konse.

"Mwana wanga, chonde muzikathirira."

"Musadandaule, amayi," ankatero sekilitale, amene sanathirepo ngakhale dontho. Kamtengo kanakhala pawindo pomwepo, dothi lili gwa, mphepo ikukawomba.

Tsiku lobwerera, Mayi a Tiyi anafika akutsimphina n'kupeza anthu a yunifolomu, a kampani yoyeretsa, akukolopa ndi mopu wa mayiwo. Mtima unawawawa, koma anayamba adutsa pa mpope kudzaza botolo lawo lothirira. Chitseko cha bwana chinali chotsegula. Anasuzumira m'katimo. Kamtengo kanali mbuu, timaluwa toyera tonga nyenyezi panthambi iliyonse.

"Bwana, kachita maluwa!" anafuula, misozi ili m'maso.

"Mwaona? Anthu akubwera kudzajambula," anatero bwana. "Mkulu wina wa zamaluwa wandiuza kuti kameneka kakakula kamafuna ludzu ndi kuzizira, basi. Ndiye kuti zaka zonsezi wokatsekereza munali inuyo!"

Bwana anaseka mpaka kutsokomola. Mayi a Tiyi anasekako pang'ono, poti bwana akaseka suyima ngati chitsa.

"Nanga kalata ija, bwana?"

"Kalata? Oo, ilipo. Ndasaina. Mukatenge kwa sekilitale."

Tisawanamizire bwanawo, mawu awo anasunga: maluwa anabwera, kalata anasaina. Inali ya mizere inayi, yowathokoza Mayi a Tiyi chifukwa cha kudzipereka kwawo ndi kuwafunira zabwino zonse kumene akupita. Dzina lawo analilemba molakwika.

Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama, pamodzi ndi kapu yawo ndi masilipasi okolopera. Potuluka anadutsanso pakhomo pa bwana. Dothi la mumphika linali long'aluka, ndipo dzanja lawo, losamva za makalata, linakweza lokha botolo lija.

"Amayi, chonde musathire!" anakuwa sekilitale. "Bwana aletsa!"

Mayi a Tiyi analiyang'ana botololo kanthawi. Kuyambira m'mawa panalibe amene anawapatsa ngakhale tiyi. Anamwa madziwo okha, ataimirira pakhomo pomwepo, mpaka kutha.