Makina a malemu amene ndinanena kuti ndi akufa

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, ndipo si za pamowa ayi. Inandichitikira ine ndemwe, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo wokayika abwere pa Nsipe adzaone chipsera chili kuseri kwa khutu langa lamanzere. Sinditchula dzina la munthu kapena la mudzi, chifukwa ena mwa amene anatola miyala tsiku limenelo ndi anthu opemphera, ndipo ena ndimakumana nawo pamsika n'kupatsana moni ngati palibe chinachitika.

Ine ntchito yanga ndi ya makina osokera. Ndimayenda m'midzi kugula makina akalekale amene agona m'makona kwa zaka, aja akuda olemera ngati mwana wa ng'ombe, pamodzi ndi zida za osoka nsapato monga mipeni yodulira zikopa, zoboolera ndi phazi lachitsulo lokhomerapo nsapato. Ndikafika nazo ndimachotsa dzimbiri, kuthira mafuta, kupaka utoto, kenako n'kugulitsa kwa matelala. Koma poti lero ndaganiza zonena zoona, ndinene zonse: ndinali ndi kachinyengo kanga. Ndikafika pa makina opondera, ndinkapanikiza chopondera ndi bondo mwini wake asakuona, kenako n'kuyesa kupukusa wilo ndi dzanja uku ndikubuula, n'kumuuza kuti onani nokha, makina awa anafa kalekale, ndingokuthandizani kuchotsa chitsulochi m'nyumba. Amasiye ambiri ndinawadyera masuku pamutu m'njira imeneyi, ndipo ndinkadzitcha wochenjera.

Chinanso muyenera kudziwa ndi cha mafuta. Ife okonza makina timagwiritsa jakisoni wakale pothira mafuta m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo pamalo obisika timalumikizako kapaipi kopyapyala. Mafuta anga ndinkasakaniza ndekha, parafini ndi mafuta ofiira aja a m'giya ya galimoto, chifukwa amadya dzimbiri msanga, ndipo ndinkawasunga m'botolo loonekera mkati. Mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita? Ine mwiniwake sindinaone, ngakhale inali nthawi ija mphekesera za anamapopa zinali m'kamwam'kamwa, anthu akuti kuli alendo oyenda ndi zipangizo zopopera magazi. Ndinkaseka nawo pamsika, chikwama chili ndi jakisoni pamsana.

Tsiku limenelo ndinatsetsereka pa njinga yanga yamoto kupita cha ku Kasinje, kuchigwa kolima mpunga, chifukwa ndinamva kuti kuli mayi wina wamasiye amene amuna ake anali osoka nsapato ndipo anasiya makina osokera zikopa. Makina oterewa ndi osowa, abale anga, ndipo ukawapeza mtima umagunda. Mayiwo anali achikulire, ochepa thupi, osalankhulalankhula. Anandilowetsa m'nyumba ya chipinda chimodzi ya malata, ndipo ndinaona kuti zenera lake analitseka ndi njerwa, monga ambiri anachitira nthawi imeneyo poopa anamapopa omwewo. Makinawo anali pakona, ofundikidwa ndi chitenje, ndipo nditavundukula ndinadziwa pomwepo kuti alibe vuto lililonse kupatula fumbi ndi ludzu la mafuta.

Chosowa chinali chimodzi, shatulo, kachitsulo kakang'ono kosunga ulusi wapansi, kamene popanda iko singano imangobaya mabowo osasoka kanthu. Ine ndinali nako kena m'chitini ku Nsipe, choncho mumtima ndinasangalala kuti ndapeza umboni. Ndinachita za masiku onse, bondo pa chopondera, kubuula, kupukusa mutu, kenako ndinawaonetsa mayiwo pamalo popanda shatulo paja n'kuwauza kuti makina awa ndi akufa, sangasokenso mpaka kalekale, ndipo kachitsulo kotere sikapezekanso m'dziko muno. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako anangoti tidikire alongo awo amene anali kumunda, chifukwa katundu wa malemu sangatuluke pakhomo popanda mwini mbumba kudziwa.

Podikirapo, ine ndi phuma langa ndinati ndiyambiretu kufewetsa maboti omangira makinawo kuti tikagwirizana ndingomasula. Ndinatulutsa jakisoni, kulumikiza kapaipi, n'kupempha mayiwo kuti andigwirire botolo, ndipo mafuta ena anawadonthera n'kuyenderera pamkono. Nthawi yomweyo mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pakhomo kudzabwereka sefa. Tangoganizani zimene anaona: mlendo m'nyumba ya mdima, jakisoni wodzaza zofiira m'manja, kapaipi kakulendewera, gogo ali chete ndi mkono wofiira. Mfuu umene anakuwa ndimaumvabe mpaka lero.

Ndisanapukute n'komwe m'manja, pabwalo panali patadzaza anthu, ena ndi makasu, ena ndi zikwakwa zodulira mpunga. Ndinayesa kutuluka kuti ndifotokoze, ndipo ndi pomwe mwala unandipeza kuseri kwa khutu, ndinagwa chagada m'nyumba momwemo. Mwayi wanga unali wakuti alongo awo aja anali atangofika. Anandikankhira mkati, mayiwo ali momwemo, anakoka chitseko n'kukhoma loko kunja, iwo n'kuima pakhomopo. Ndinawamva akuuza anthu kuti anunkhiza botololo ndipo ndi parafini, koma wina anayankha kuti anamapopa amathira dala parafini kuti magazi asadziwike. Munthu ungatsutsane bwanji ndi maganizo otero?

Sindinaonepo chipinda chaching'ono ngati chimenecho. Zenera la njerwa, chitseko chokhoma, denga la malata likutentha ngati chiwaya, kuwala kukungolowera m'timabowo ta misomali. Miyala inayamba kugwa padenga, ndipo uliwonse ukagwa fumbi linkatsika m'maso. Ndinayendetsa manja m'makoma kufuna poboola, ine munthu wamkulu wa ana anayi, ndikulira ngati kamwana. Kenako ndinamva njinga yanga ikugwetsedwa, ndipo pasanapite nthawi fungo la petulo linalowera pansi pa chitseko, wina akufunsa amene ali ndi machesi. Apo ndinadziwa kuti zafika pa mwana wakana phala, ndipo ndinayamba kutchula maina a ana anga mmodzimmodzi.

Alongo aja anakuwa kuti amene ayatse moto awotcha ndi mlongo wawo yemwe, ndipo anthu anadukiza pang'ono. Ndiye anapereka ganizo lakuti ngati mlendoyu ndi wokonza makina monga akunenera, akonze makina a malemuwo asoke, ndipo mwini nyumba, amene wamva kulira kwa makinawo zaka zonse za ukwati wake, achitire umboni. Akalephera, iwo eni atsekula chitseko. Ena anati makinawo atulutsidwe panja, koma alongo aja anakana, anati chitseko chikatsekuka palibe amene adikire za makina. Anthu anavomera, ndipo anati andipatsa mpaka mthunzi wa mtengo wa mango ufike pakhonde.

Anzanga, akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine mlomo wanga ndinaupeza tsiku lomwelo, m'chipinda chomwecho. Makina amene ndinalumbira kuti ndi akufa ndi amene tsopano anagwira moyo wanga. Ndinakhala pampando, ndinathira mafuta paliponse, ndipo poti bondo langa silinalinso pa chopondera, wilo inazungulira nthawi yomweyo, mofewa ngati yasokapo dzulo. Sindinathe kuwayang'ana mayiwo kumaso. Koma manyazi ndinawaika pambali, ndinagwada n'kuwapempha kuti ngati shatulo ija ili penapake m'nyumbamo, m'chitini kapena pansi pa mphasa, andipatse, chifukwa popanda iyo ndafa.

Anandiyankha motsitsa mawu, akunditcha mwana wawo. Anati amuna awo, monga amachitira osoka ambiri, akaweruka ankachotsa shatulo n'kuika m'thumba la jekete kuti wina asaseweretse makina iwo kulibe. Tsiku limene anadwala anachita chimodzimodzi, ndipo atamwalira anawaveka jekete lomwelo, iwo n'kudzakumbukira manda atakwiriridwa kale. Anati choncho iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti makinawo si akufa, akungosowa kachitsulo kamene kali kumanda, ndipo bondo langa lija analiona.

Ndinakhala pansi, msana kukhoma. Ndikanatani? Shatulo imodzi ili m'manda, ina ili m'chitini ku Nsipe, kuseri kwa phiri, ndipo munthu yekhayo amene akanandichitira umboni ndi yemwe ndinabwera kudzamubera masana. Akanangogogoda chitseko n'kunena kuti walephera, sakananama ngakhale pang'ono. Kunja wina ankalengeza kuti mthunzi watsala phazi limodzi.

Mayiwo anadzuka, anatsekula kabokosi ka pamakinapo n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Kanali lamba wa nsapato, wosokedwa theka, ulusi wake woyera ngati wa lero. Anati ndi ntchito yomaliza ya amuna awo, imene anaisiya panjira tsiku lodwalalo, ndipo palibe wina anaionapo. Anamupaka mafuta anga ofiira aja ndi chala chawo, kenako anandiuza kuti ndikhale pamakina ndiponde mwamphamvu kuti akunja amve. Ndinaponda, singano ikubaya mphepo, makina akulira bwinobwino, ndipo kunja kunangoti zii. Nditacheuka ndinaona mayiwo atatsinzina, misozi ikutsika, chifukwa kulira kumeneko anali asanakumve chimwalirire amuna awo.

Anagogoda chitseko okha, alongo awo anatsekula pang'ono, iwo anatuluka atakweza lamba uja m'mwamba. Ndinawamva akunena kuti makina a amuna awo asoka, aliyense aone ndi maso ake, ndipo anawaonetsa mkono wawo kuti apeze pamene pabayidwa. Lambayo anayenda m'manja mwa anthu. Bambo wina anati ndisokenso pamaso pa onse, koma mayi ofatsa aja anapsa mtima koopsa. Anafunsa ngati makina a malemu asanduka gule woti aliyense aziitanitsa, ndiponso ngati pa msinkhu wawo angayambe lero kunamiza mudzi umene anabadwiramo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, miyala akuigwetsa mobisa kumbuyo.

Alongo aja anamuyang'anitsitsa lambayo nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti anazindikira dzanja la mlamu wawo, koma anangomubweza kwa mayiwo. Anandidzutsira njinga, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Ndisananyamuke mayiwo anandipatsa lambayo kuti ndionetse aliyense wondiimitsa panjira, ndipo anandilumbiritsa kuti chinsinsichi ndisaulule iwo ali moyo, chifukwa mudzi ukadziwa kuti anaunamiza sadzakhalamonso mwamtendere.

Patapita milungu iwiri ndinalimba mtima n'kubwererako ndi shatulo ija. Ndinaiika, makina anasoka zenizeni, ndipo sindinatchule za kugula. Ndinayesa kupepesa koma anandidula, anati iwo sanandipulumutse chifukwa ndine munthu wabwino ayi, koma chifukwa amuna awo sakanalola kuti munthu afere pa makina awo. Makinawo lero akusokera mdzukulu wawo wamkazi, ndipo mayiwo anatisiya chaka chatha, n'chifukwa chake pakamwa panga pamasuka.

Za anamapopa ine sindinawaonepo ndipo sindikhulupirira kuti aliko, koma ndinaona ndi maso anga mmene mantha amasandutsira anthu abwino, ndipo ndikupemphani kuti mukamva mfuu musamayambe ndi kutola mwala. Anzanga okonza makina, jakisoni musiyeni kunyumba, gulani kabotolo ka mafuta kamlomo wautali. Koma chenjezo lalikulu ndi ili: musamanene kuti chinthu cha wamasiye n'chakufa pofuna kuchitenga motchipa, chifukwa amene mukumupusitsayo mwina akukuonani, ndipo simudziwa kuti dzuwa lisanalowe moyo wanu ukhala m'manja mwa ndani. Bondo langa silinakhudzenso chopondera cha munthu. Lamba uja ndinamupachika pamwamba pa tebulo langa, ndipo makasitomala akamuona amayamikira kuti ndimasoka mowongoka. Ndimawauza kuti si dzanja langa limenelo, ndi la munthu amene anandipulumutsa ali m'manda.