Mgodi wa m'Majombo Anga

Tili ku yunivesite, anatitengera ku Mphunzi kuti tikaphunzire kugwiritsa ntchito makina ofufuzira miyala ya chitsulo pansi pa nthaka. Aphunzitsi anachenjeza kuti aliyense asiye m'galimoto chilichonse chachitsulo, kaya foni, makiyi kapena lamba. Ine ndinasiya zonsezo, koma majombo anga a pakaunjika wa pa Linthipe, aja okhala ndi chitsulo kutsogolo, sindinavule. Ndinkafuna atsikana a m'kalasi aone injiniya.

Nditanyamula makinawo m'munda wa mbatatesi wa mayi Nachisale, manambala anayamba kudumpha paliponse pamene ndaponda. Aphunzitsi anachita kuvina. "Pansipa pali mwala wa chitsulo!" Ine ndinadziwa pompo kuti mwalawo ndauvala kumapazi, koma ndinagwedeza mutu ngati katswiri, mpaka kuwonjezera kuti ukuoneka waukulu.

Mayi Nachisale anasiya khasu n'kundiyandikira. "Ndiye kuti aboma atilanda mundawu, mwana wanga?" Ine, injiniya uja, ndinangoyang'ana kuphiri ngati sindinamve.

M'mawa mwake ndinabwera nditavala masilipasi, ndipo mgodi wonse unasowa. Aphunzitsi anatukwana makina, ine n'kuwathandiza kutukwanako. Mayi aja, amene anati tulo sanatione, anatiphikira mbatatesi pothokoza Mulungu kuti munda wapulumuka. Ine anandiikira zambiri, ati chifukwa ndinkaoneka mwana waulemu.

Ndinadya zonse, ndipo ngakhale imodzi sinanditsamwe.