Amama Anagwa Pamaso pa Dokotala

Ndikukumbukira chaka chimene amama anayamba kugwa. Ndinali mu Sitandade 4, kumudzi kwathu kufupi ndi Edingeni. Mtima ankadwala kale: unali wotupa, unkagunda modumphadumpha, ndiponso magazi awo ankathamanga. Zimenezo tinali titazizolowera. Chachilendo chinali chizungulire. Ankagwada kupereka madzi osamba m'manja kwa asekuru, apongozi awo, koma pofuna kudzuka, basi khu! pansi, beseni uko.

Ankhazi, alongo awo a adada, sanachedwe kugamula mlandu. Ati ndi khunyu limeneli, ndipo litipatsira tonse. "Mkamwana ameneyu abwerere kwawo," ankatero ponena amama, poti kwathu mpongozi wamkazi timamuti mkamwana. "Ng'ombe tinapereka, mbwenu ana ndi athu." Kwathu kuno lobola ikaperekedwa, mayi akamachoka amachoka yekha. Ine ndi mng'ono wanga tikanatsala m'manja mwa ankhazi omwewo, munthu woti ngakhale nkhuku zinkamuthawa. Ndinkachita mantha moti ndinkalirira kuseri kwa nkhokwe.

Adada anapempha asekuru kuti ayesenso kamodzi kuchipatala cha pa boma ku Mzimba, kumene amama ankalandira mankhwala a mtima. Ananditenga kuti ndiziwagwiriziza panjira. M'basi munkanunkha fumbi ndi fodya, adada akungosisita thumba la malaya kuti makhadi a chipani, amene ankafunsidwa paliponse masiku amenewo, asatayike.

Dokotala anali mlendo wochokera m'chigawo chapakati, wolankhula Chichewa chosalala. Anawagoneka amama pabedi, n'kuwamvetsera pachifuwa, n'kuwayeza magazi pamkono. Anati khunyu sakuliona, koma chowagwetsa sanachipezenso. Adada nkhope inagwa. Tikanakanena chiyani kumudzi?

Tikutsazika, amama anachita monga analeredwera. Anagwada pasimenti n'kuwomba m'manja. "Yewo chomene, adokotala." Akudzuka ndinangoona maso atembenuka, miyendo ili lende, n'kugwera pamiyendo ya dokotalayo.

Bambo uja sanadzidzimuke ngati ife. Amama atatsitsimuka anawayeza ali chigonere, kenako anauza adada kuti awaimiritse, n'kuwayezanso. Anati akaimirira magazi akutsika kwambiri. Anafunsa mankhwala amene ankamwa, amama n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi a pa boma pomwepo.

"Ndi okhawa, mayi?"

Amama anamasula mfundo ya pakona pa chitenje, n'kutulukamo mapiritsi ena. Amenewo anali a kuchipatala cha mishoni, kumene amalume anawatengera mvula itangoyamba. Uko sanatchule za pa boma, ndipo pa boma sanatchule za uko.

"Ndimaopa kukunyozani," anatero chapansipansi. "Mukanati sindikukukhulupirirani."

Dokotala anagwira pakamwa, n'kuseka mosawapweteka mtima. Mapiritsiwo ankasiyana mtundu chabe, koma onse anali ochotsa madzi m'thupi. Amama ankamwa onse mokhulupirika, thupi n'kuuma, ndiye akadzuka mofulumira pogwada paja magazi sankafika msanga kumutu. Dokotala anawaletsa a ku mishoniwo, n'kuwalangiza kuti azidzuka pang'onopang'ono ndi kumabwerabe kudzayezetsa, poti mtimawo sunachire.

Abale inu, mmene ndinakondwera! M'basi yobwerera ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi mpaka kondakitala ananditi ndaledzera.

Chimanga chinacha, tinakolola, amama osagwanso. Tsiku lina asekuru anaitana banja lonse pansi pa mtengo wa mango. "Mkamwana wanga sapita kulikonse," anatero. "Ndiponso asagwadenso pamaso panga. M'patseni mpando."

Ankhazi anadumpha. "Mkamwana pampando, inu muli pomwepa, adada?"

"Ngati zikukuchititsa chizungulire, khala pansi iweyo," anayankha asekuru.

Anthu anaseka mpaka misozi. Ine ndinathamanga kukatenga mpando wa adada, ndipo amama anakhalapo cham'mphepete, manyazi atawagwira.

Lero ndakula, ndipo ndimamvetsa kuti ulemu wobisira dokotala zoona ukhoza kupasula banja. Ndikaperekeza wodwala kuchipatala ndimayamba ndam'masulitsa mfundo zonse za pachitenje, kaya akwiye. Amama anakhala ndi mtima wawo wodwalawo mpaka imvi, pamudzi pa amuna awo, ndipo anatilera iwo eni.