Khasu Ili Likalima Kuti?

Zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique ankatsika m'mapiri kudzakhala m'midzi yathu, ine ndinali mtengwa watsopano m'mudzi wina kumpoto kwa Lungwena. Mtengwa amakhala ndi maso ndi makutu, pakamwa amapasiya kwa makolo ake. Apongozi anga aamuna sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada mpaka adutse, ndipo chilowereni m'banjamo ndinali ndisanawayankhulepo mawu opitirira moni.

Tsiku lina panafika mayi pakhomo pathu ali ndi ana awiri, poto mmodzi ndi khasu lopanda mpini. Amuna awo anatsala kwawoko, m'manda. Anali aakulu kwa ine, choncho ndinkawatchula kuti achemwali. Tinawapatsa kakhitchini ka kuseri kwa nyumba, ndipo amuna anga anawasemera mpini. Khadi lolandirira ufa wachikasu ndi nandolo anali nalo ngati anzawo onse, koma pobwera kumzere ankakhala okwiya tsiku lonse. Ankati munthu wa manja awiri sangakalambe ataimirira ndi thumba lopanda kanthu kudikira kuitanidwa dzina.

Anakapempha munda kwa apongozi. Ine ndinalipo, ndinali nditagwada chapatali nditabweretsa madzi akumwa. Apongozi anawalozera tsala la m'munsi mwa phiri, malo amene palibe wa m'banjamo anali atawakhudza kwa zaka, odzaza minga ndi zitsa. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino: "Kalimeni, mudye ndi ana anu." Sanatchule chaka chimodzi, sanatchule zobweza.

Achemwali anaswa mphanje okha chilimwe chonse. Ankachoka tambala atangolira n'kubwera dzuwa lili paliwombo, m'manja muli matuza ophulika, miyendo yokandikakandika. Chitsa chimodzi cha mtengo wa mthethe anachikumba masiku anayi. Mbewu anaipeza pogwira ganyu yonyamula usipa kuchoka kudoko. Mvula yoyamba itagwa anabzala, ndipo pofika Khirisimasi chimanga chinali cholekeza m'chiuno, chobiriwira moderako, choti wodutsa aliyense ankaima n'kufunsa mwini wake. M'munda mwa apongozi chaka chimenecho munali kaufiti yekhayekha.

Patangopita masiku atatu Khirisimasi itadutsa, apongozi anawaitanitsa. "Mayi," anatero, "mlendo ndi mame. Inu mawa nkhondo ikatha mudzapita, komanso mumalandira ufa waulere pamene ife eni mudzi tikugona ndi njala. Munda uja ndaufuna. Kuyambira chaka chatsopanochi musapondekonso. Pokolola ndidzakuganizirani dengu limodzi."

Dengu limodzi. Mpaka lero ndikaganiza za dengu limenelo mtima umandipsa. Ndipo sanali iwo okha ochita zimenezi. Anthu ambiri anazindikira kuti wothawa nkhondo ndi khasu laulere: umubwereke tchire, akuzulire zitsa, kenako ukumbukire kuti malowo anali a agogo ako. Alendowo analibe kokadandaula, poti wozenga mlandu anali mbale wa wolanda. Ndinawauza amuna anga kuti bambo awo achita zakuba. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Munda ndi wawo," anatero, "ndipo iwe pano unabwera." Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mchere wochuluka dala, ndipo anadya osadandaula, zimene zinandikwiyitsa kuposa.

Akhirisitu m'mudzimo tinali ochepa, oyandikana nawo ambiri anali Asilamu. Katchalitchi kathu kanali kofolera ndi udzu, ndipo ansembe ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, msewu ukalola. Masiku ena onse mapemphero ankatsogolera apongozi angawo, poti ndiwo anali mkulu wa mpingo. Tinali ndi mwambo wathu wa m'mawa wa tsiku loyamba la chaka. Aliyense ankabwera ndi chida chimene amadyera, wina khasu, wina nkhafi, wina kachidutswa ka ukonde, n'kuchigoneka kutsogolo. Mkulu wa mpingo ankayenda chida ndi chida, n'kufunsa mwini wake mokweza kuti, "Khasu ili likalima kuti?" Mwiniyo ankatchula malo, mkuluyo n'kuika dzanja pachidacho, n'kupempha Mulungu adalitse chidacho, malowo ndi amene adzadye zochokera kumeneko, mpingo wonse n'kuvomera Ameni. Akazi okwatiwa sankayankha okha, amuna awo ndiwo ankawayankhira.

M'mawa umenewo ndinaona achemwali akutsuka khasu lawo ndi mchenga. Ndinawafunsa ngati analidi ndi mtima wokagwada pamaso pa munthu amene wawalanda chakudya cha ana.

"Sindikupita kwa iwo ayi," anandiyankha osadzutsa mutu. "Nyumba ija si yawo. Amene anandidutsitsa m'mapiri muja ndi ana awiri sanandidutsitse kuti ndidzafere pamzere wa ufa. Chaka chino ndidya chimanga changa, achemwali. Tiyeni, tichedwa."

Ine chikhulupiriro chotero ndinalibe. Ndinali ndi mkwiyo basi, ndipo ndinaunyamula pamodzi ndi khasu langa mpaka m'tchalitchi.

Apongozi analalikira bwino tsiku limenelo, ndisanamizire. Anati tilowe m'chaka chatsopano opanda mantha, pakuti Mulungu saiwala amasiye ndi alendo. Anawatchuladi amasiye ndi alendo, ndi pakamwa pomwepo, mayi wamasiye wachilendo atakhala pamkeka patsogolo pawo. Anthu ankagwedeza mitu. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zawo zopolishidwa.

Kenako anayamba kuyenda pazida. Nkhafi ikapalasa kuti? Ku Makanjira. Ameni. Khasu ili likalima kuti? Kudambo. Ameni. Atafika pa khasu lowala lija anaima. Ndikhulupirira sanayembekezere kuti mayiyo abwera. Koma anthu onse anali akuyang'ana, ndipo funso linali lozolowereka moti linangotuluka lokha, ngakhale motsitsa mawu.

"Khasu ili likalima kuti?"

Achemwali anagwada bwinobwino, manja pamodzi, mwaulemu wonse. "Likalima m'munsi mwa phiri, bambo, m'mene linazula zitsa. Munda umene munandipatsa kuti ndidye ndi ana anga."

Panalibe amene sankaidziwa nkhaniyo, kungoti aliyense ankaidziwira kuseri kwa nyumba yake. Apongozi anatsokomola, anayang'ana kudenga, kenako anasuntha phazi kuti adutse osaika dzanja. Chida chotsatira chinali changa. Amuna anga anali atayamba kale kukonza kukhosi kuti andiyankhire.

Sindikudziwa mmene ndinachitira. Ndinangoona dzanja langa likukankha khasu langa mpaka litagunda la achemwali, zitsulo n'kulira. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana apongozi m'maso koyamba m'moyo wanga. Anali ndi maso aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"Ilinso likapalira komweko," ndinatero. "Mwadumpha limodzi, bambo. Simunalipempherere."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Amuna anga anandiponda chala, ine osasuntha. Mkulu wa mpingo anaimirira pakati pa makasu awiri, osatha kupita patsogolo kapena kubwerera. Akanakana, akanayenera kunena chifukwa chake m'nyumba ya Mulungu, ulaliki wa amasiye usanazizire. Mapeto ake anawerama, anaika dzanja pamipini yonse iwiri, n'kung'ung'udza pemphero lija. Mawu ake anali okhazikika, osatheka kuwadula, ndiye anadalitsa khasu, anadalitsa munda wa m'munsi mwa phiri, anadalitsanso amene adzadye zochokera kumeneko. Ameni wa mpingo anamveka mpaka kumzikiti.

Mawa lake tinalawirira kukapalira awirife, ndipo palibe anatiletsa. Munthu sakanakathamangitsa khasu limene walidalitsa yekha anthu akumva. Achemwali anakolola chaka chimenecho, nkhokwe inadzaza, ana aja anayamba kuoneka ngati ana. Ine ndinalipira. Apongozi anasiya kulandira madzi m'manja mwanga, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkatchedwa mtengwa wopanda mwambo, wolera njoka, wophunzitsidwa mwano ndi alendo. Zimenezo sizinandisowetse tulo.

Chimene sindinakhululuke n'chakuti chimanga chitangolowa m'nkhokwe, apongozi anautenga mundawo. Nthawi imeneyo sanaitanitse munthu. Anangopita ndi ana awo kukagalauza mizere, malo oyera opanda chitsa n'chimodzi chomwe. Anthu amene anafuula Ameni aja anaona, n'kuyang'ana kumbali. Ndinalira ndi ukali, ndinafuna kukatukwana pabwalo. Achemwali anandigwira mkono nati mphamvu zimenezo ndizisunge, zidzafunika. Bambo wina wachisilamu anawapatsa tsala lina kumtunda kwenikweni, la miyala, ndipo anayambiranso kuswa mphanje ndi khasu lomwe lija, litatha kale mlomo.

Tsiku loyamba la chaka chotsatira tinapitanso ndi zida zathu. Apongozi analengeza kuti mwambo wofunsa uja ukuchedwetsa mapemphero, ndiye kuyambira tsopano adzingopempherera zida zonse pamodzi. Ndinaseka mokweza, ndipo sindinapepese. Anatambasula manja pamwamba pa mulu wa makasu ndi nkhafi, maso atatsinzina zolimba. Asanatsegule pakamwa, achemwali anayankha ali chigwadire pamkeka pawo, osafunsidwa ndi munthu.

"Langali likalima kumtunda, pamiyala paja," anatero. "Ndanena kuti Mwini wake amve."