Fulu amene tinkasunga kwa amalume

Chigoba chija chikadalipo. Chili pazenera kwa amalume, amaikamo masingano osokera fodya. Mbali imodzi ndi yakuda, pomwe chinapsa. Ndikapitako sindichiyang'ana, koma ndimadziwa pomwe chili.

Fuluyo ndinamutola chaka chimene ine ndi amayi tinasamukira kwa Mlonyeni. Bambo anali atawolokera ku Zambia kukafuna ganyu, osabwerako. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anatipatsa kanyumba kodontha kuseri kwa chigafa cha fodya. Amayi ankandiuza mawu amodzimodzi pafupifupi tsiku lililonse: "Usamachite mwano iwe, akutisunga anthuwa."

Ndinali mu Sitandade 4. Mvula yoyamba inali itangogwa, ndikuchokera kudambo kothirira nazale, ndipo ndinamuona akudutsa njira ngati yonse ndi yake. Kukula kwake ngati kambale ka ndiwo. Nditamunyamula anandikodzera m'manja, mkodzo wotentha wonunkha udzu wovunda. Sindinamutaye. Pakhomo paja chilichonse chinali cha amalume: nkhuku, makasu, ngakhale mphasa imene ndinkagonapo. Uyu yekha anali wanga.

Khola langa loyamba linali lachibwana, mapesi ozika m'matope. Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza galu wa amalume atamupanikiza ndi miyendo yakutsogolo, akukukuta m'mphepete mwa chigoba ngati fupa. Phokoso lake ndimalimvabe m'mano. Ndinalira mpaka amalume anatuluka m'chigafa. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Koma anamenya galu uja theche, n'kumutola fulu, n'kumuyeza m'dzanja, kumukweza ndi kumutsitsa.

"Uyu ndi wosunga," anatero.

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, anamanga khola okha. Munthu amene denga la amayi sanalikwerepo ngakhale kamodzi, anagwada padzuwa masana onse chifukwa cha fulu. Anakumba ngalande n'kukwiriramo njerwa zosweka, ati galu amakumba pansi, fulu nayenso amakumba. Anazika mikangala, timitengo topachikira fodya, mothithikana moti dzanja langa silinkalowa. Kunja anayalako minga. Pamwamba anakuta neti yakale ya udzudzu chifukwa cha akhwangwala, amene ankatera padenga la chigafa n'kumapendeketsa mitu. Mkati anavundikira phale kuti pakhale mthunzi.

Ndinawakonda tsiku limenelo. Zimandinyansa kulemba, koma ndi momwe zinalili.

Mdani wotsala anali linthumbu. Limenelo silitchingidwa ndi minga kapena neti. Likalowa m'chigoba, amalume ankati, umangopeza mbale yotsukatsuka. Ntchito imeneyo inali yanga: kuwaza phulusa kuzungulira khola lonse, osasiya mpata. Mvula ikagwa phulusa linkakokoloka, ine n'kuthamangira kukhitchini kukapala lina, nthawi zina likadali lotentha. Zala zanga zinachita matuza. M'kalasi ndikamva mabingu mtima unkachoka pa masamu. Tsiku lina ndinathawa pa buleki, ndipo ndinapezadi mzere wakuda ukutsika kuchokera ku nthochi, utatsala pang'ono kufika. Linandiluma mpaka m'kabudula, koma silinadutse.

Aphunzitsi atamva chifukwa chimene ndinathawira, sanandikwapule. Anaseka, n'kunena kuti fulu ukamusamala bwino akhoza kudzakuika m'manda iweyo. Ndinazitenga ngati lonjezo.

Ndinkamuthyolera chisoso ndi nkhwani, nthawi zina bowa. Anazolowera. Akamva mapazi anga ankatulutsa khosi lake lamakwinya lija n'kuyasamula kukamwa kofiirira. Amalume ankabwera apo ndi apo, kumasula neti, kumuyeza m'dzanja. "Akulemera. Ukusunga bwino, mphwanga." Palibenso china chimene anandiyamikirapo.

Febuluwale anafika nkhokwe ili mbee. Fodya anali asanapite kumsika, chimanga chisanakhwime. Tinkadya kamodzi, nthawi zina phala la madeya lopanda mchere wokwanira. Amayi anayamba kumanga chitenje mothinitsa. Ine ndinkapitabe kukawaza phulusa.

Tsiku lina ndinabwera kuchokera kusukulu dzuwa lili paliwombo. Khola linali bwinobwino. Minga ili m'malo mwake, pansi posakumbidwa, neti yomangidwanso mfundo zake mwaudongo. Paphulusa panalibe mzere wa linthumbu. Panali chidindo cha nsapato ya tayala, chimodzi, chachikulu. Ndinatukula phale. Kenako mphepo inabweretsa fungo kuchokera kuseri kwa nyumba yaikulu, ngati tsitsi lopserera losakaniza ndi mafuta.

Amalume anali pachitsa, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Chigoba chinali pambali pa mafuwa, chagada.

"Nanga unkaganiza kuti tikumusungira chiyani?" anandifunsa. Sanakalipe. Anafunsa ngati munthu wodabwa.

Ndinatola mwala. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo zinalowa. "Khala chete," ananong'ona. "Akutisunga."

Anthu amati ndine wamwano, sindithokoza. Mwina. Sukulu ndinasiyira mu Sitandade 7, chaka chimene amalume anawonjezera munda wa fodya n'kunena kuti aganyu amaba, bola mwana wapakhomo. Sanandimenyepo. Ndikadwala malungo ankandikweza panjinga okha kupita kuchipatala. Anyamata ozembetsa katundu kuboda ankawathamangitsa pakhomo kuti angandiwononge. Galu, khwangwala, linthumbu, palibe chinandikhudza. Amene akufuna kuti ndithokoze abwere adzaone manja angawa.

Koma tsiku lija sindinkadziwa zonsezi. Ndinkangodziwa kuti fulu wanga wadyedwa, ndipo ndinalira kuseri kwa chigafa mpaka mutu unandiwawa. Dzuwa litapendeka amalume anandipeza komweko. Anandipatsa kachidutswa ka nzimbe. Kenako anandigwira mkono, pamwamba pa chigongono, n'kuufinya pang'onopang'ono, kuukweza ndi kuutsitsa.

"Uyunso akukhwima," anauza amayi.

Ine, misozi isanaume n'komwe, ndinalimbitsa mkonowo kuti amve bwino.