Mayi Asiyatu ndi Mawu Ochepa a Amuna Awo

Mayi Asiyatu anafika ku Kasakula ali mtsikana wongokwatiwa kumene, atanyamula mphasa yoswalira ndi kabokosi ka zovala. Kwawo kunali ku Nkhotakota, kotentha, ndiye chisanu cha m'mapiri a Ntchisi chinawalandira mwankhanza. Amuna awo, Che Twaibu, ankazinga mbuzi pamsika. Masiku amenewo mabanja a Chisilamu pamalopo anali owerengeka, mzikiti unali kanyumba kofolera ndi udzu, ndipo Lachisanu anthu onse ankakwana pamikeka iwiri.

Amene anawazoloweretsa malowo anali Mayi Loyce a nyumba yoyandikana, mayi wa Chigwirizano ku tchalitchi. Iwowa ndiwo anawaphunzitsa kudzala mbatatesi kudimba, ndipo mwezi wa Ramadhani ankawatumizira nkhuni zouma osafunsidwa.

Mayi Asiyatu analeredwa ndi azakhali awo, munthu wolimbikira ntchito koma wouma pakamwa. Kwa azakhaliwo, kuyamika mwana kunali kumuwononga. Ukasesa bwino ankangodutsa, ukasiya kachinyalala ankakuitana ndi dzina lonse. Asiyatu anakula akudziwa zonse zimene ankalakwitsa, osadziwa n'chimodzi chomwe chimene ankachita bwino. Atabereka ana awo atatu, Sumani, Jafali ndi Hawa, anatsimikiza mumtima kuti kwawoko zisadzakhale choncho.

Koma sankayamika mwachisawawa. Sunkawamva akuti mwana uyu ndi wanzeru kuposa uyo. Ankatchula chimene mwana wachita, ndipo kawirikawiri ankauza wina, mwiniwake ali pomwepo akumva.

"Sumani, wamuona mng'ono wako? Anamudikira Hawa pamlatho mpaka anawoloka. Mashaallah."

Sumani ankangoti, "Ee, ndamuona," koma mawa lake nayenso ankamudikira Hawa.

Vuto linali Che Twaibu. Anali munthu wabwino, wosadumpha swala, wosamenya mwana, koma mawu ake anali osowa. Akabwera kumsika ankasamba, kudya, n'kukhala pakhonde kunola mipeni. Choncho Mayi Asiyatu anadzipatsa ntchito yotola timawu tawo n'kukatipereka kwa eni ake. Bamboyo akati, "Mbuzi lero sizinamasuke," mayiyo ankapita kuseri kwa nyumba n'kukati, "Jafali, bambo ako akuti umamanga mbuzi bwino." Bodza sankanena, ankangothira kamchere.

Sumani anali wa mutu wopepuka. Kusukulu ankakhala nambala wani, kumadirasa ankaloweza sura za Korani shehe asanamalize kubwereza. Jafali zinthu zinkamulowa mochedwa. Awiriwa anakumana mu Sitandade 8 chifukwa Sumani anadwala chaka china, ndipo zotsatira zitatuluka, Sumani anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko pamene dzina la Jafali silinapezeke n'komwe pa okhoza.

Anthu anabwera kudzagwira Sumani chanza. Mayi Loyce anabweretsa nkhuku yamoyo kuti Che Twaibu azinge okha. Mayi Asiyatu anasangalala, analulutira, koma diso lawo linali pa Jafali, amene anazemba n'kukakhala kukhola. Anamutsatira.

"Bambo ako dzulo amanena kuti popanda iwe ntchito ya kumsika sangaithe."

Jafali sanadzutse mutu. "Amayi, zimenezi mumangopeka. Ababa sananenepo chilichonse chokhudza ine. Ndine mwana ngati kale?"

Mawuwo anawalasa. Anafuna kukana, koma anaona kuti mwanayo wakula, ndipo mawu ochita kutumizidwa sakumukwaniranso. Anabwerera kunyumba.

M'mawa mwake analondola amuna awo kumsika, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anawapeza akupachika nyama.

"Bambo a Sumani, ine ndatopa kukhala mthenga wanu."

"Mthenga wa chiyani?"

"Jafali akuti simumuona. Akuti zonse ndimamuuza zija n'zopeka."

Che Twaibu anapukuta manja. "Nanga iyeyo sadziwa? Ndani amene ndimamusiyira benchi ya nyama ndikapita koswali?"

"Kudziwa akudziwa, koma sanamve. Muuzeni nokha, ndi pakamwa panu."

Bamboyo sanalonjeze kanthu. Panapita masabata angapo ali chete monga mwa masiku onse, ndipo Mayi Asiyatu anayamba kuganiza kuti ulendo wawo wa kumsika unapita pachabe. Jafali ankagwira ntchito zake, koma kuseka anasiya, ndipo Sumani akamuyankhula ankayankha mawu amodzi.

Kenako inafika Idi ya nsembe. Atachoka koswali, banja lonse linasonkhana kuseri kwa nyumba pamene panamangidwa tonde wonenepa. Chaka chilichonse Che Twaibu ankazinga okha, anyamata n'kumagwira miyendo. Tsikulo ananola mpeni, n'kuutembenuza, chogwirira n'kuloza kwa Jafali.

"Tenga. Zinga ndiwe."

Jafali anayang'ana mkulu wake, poganiza kuti bambowo alakwitsa munthu.

"Ndati iweyo," anatero Che Twaibu. "Ndakhala ndikukuona. Suzunza chiweto, suchita phuma, ndipo suiwala Bismillah. Dzanja lako ndimalikhulupirira." Anakhosomola, ngati mawuwo awakanda pakhosi, n'kutembenukira kwa winayo. "Sumani, wakhoza bwino, Alhamdulillah. Koma ukamawerenga kumeneko uzikumbuka kuti amene wakusenzera ntchito yako kuno ndi mng'ono wakoyu."

Sumani anagwada n'kugwira miyendo ya mbuzi. "Ine magazi amandichititsa chizungulire, Jafali amadziwa. Akanandipatsa ine tikanadya Idi mawa."

Hawa anaseka, Jafali nayenso kumwetulira kunamupulumuka. Anazinga bwinobwino. Mayi Asiyatu anaima potero ndi beseni, akunamizira kuti utsi wawalowa m'maso.

Che Twaibu sanasanduke munthu wolongolola, ayi. Mpaka imfa yawo, mawu otere ankatuluka mwa apo ndi apo, mwina kawiri pachaka. Koma ana ankawasunga. Hawa mpaka lero amakumbukira tsiku limene anamuuza kuti tiyi wake ndi wofanana ndi wa malemu agogo ake. Sumani akabwera ku holide ankavula yunifolomu n'kupita kukathandiza pabenchi, ndipo ankalamulidwa ndi mng'ono wake osanyinyirika. Makalata ake a kusukulu ankayamba ndi kufunsa za Jafali.

Lero Sumani ndi mphunzitsi ku Lilongwe, Hawa anakwatiwa ku Mponela, Jafali ndiye amazinga mbuzi pa Kasakula. Mzikiti ndi wa njerwa zootcha, wa malata, ndipo Lachisanu ena amaswalira panja. Mayi Loyce anatsogola zaka zingapo zapitazo. Pamaliro awo Mayi Asiyatu anakhala pakati pa amayi a Chigwirizano ovala zoyera, ndi mpango wawo wakuda, mpaka mwambo wonse unatha. Masiku ano maso awo achita khungu pang'ono, ndipo akamva njinga zamoto zikulira pamsika amati Kasakula wa kale anali ndi fungo la utsi wa nkhuni ndi fodya wouma, osati la petulo.

Chaka chatha kunabwera munthu wofuna kugula malo a pamsika amene Che Twaibu anasiya. Anthu anayamba kunong'onezana kuti apa ndiye abale aja ayambana, poti wa m'tauni adzafuna kugulitsa. Ana atatuwo anakumana Loweruka masana pakhonde la mayi awo. Sumani ndiye anayamba.

"Malo aja ndi a Jafali. Ndi amene wawasunga zaka zonsezi."

"Dimba likhale la Hawa," anatero Jafali. "Ana ake ndi ambiri. Koma inu achimwene mutenga chiyani?"

"Ine mundisungire chipinda chakumadzulo chija. Ndikapuma ntchito ndikubwera."

Nkhani inathera pomwepo, tiyi asanazizire. Mayi Asiyatu, amene anali atakonzeka kuweruza mlandu, anapeza kuti palibe choweruza. Anangofunsa ngati wina angawasunthire mpando wawo padzuwa, poti mphepo ya kuphiri inali itayamba.