Mizere Yakuda pa Bondo la Mwana Wanga

Mwana wanga anayamba kutsimphina patatha miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni mayi ake. Ndinaona Lachitatu lina tikukwera masitepe a fulati yomwe timakhala ku Hillbrow, mu Joni muno, chikepe chitafanso. Iye anali patsogolo, chikwama cha sukulu kumsana, ndipo phazi lamanja ankaponda nalo cham'mbali. Ndinamufunsa chomwe chinkamupweteka. Anaganiza kaye, kenako analoza bondo. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mayi ake zinayambanso ndi mwendo. Ankadandaula m'chiuno, ife n'kumanamizira matiresi, mwinanso kuimirira tsiku lonse ku saluni komwe ankaluka tsitsi. Pomwe madokotala ankapeza kuti ndi khansa ya m'bere, inali italowa kale m'mafupa. Chaka chonse chotsatira ndinkanyamula maenvulopu akhaki a zithunzi za ekisire kuchoka chipinda china kupita china, mpaka ndinaphunzira kuziwerenga ndekha. Fupa labwino limaoneka loyera. Pomwe matenda adya pamada, ngati thabwa lofumbwa. Mwezi uliwonse malo akudawo ankachuluka, ndipo ndinkawaona dokotala asanatsegule pakamwa.

Za mafupa ndinkazidziwa ndisanabwere ku Joni. Kwathu ndinaphunzira uphunzitsi wa sayansi, ngakhale kuno ntchito yanga ndi yoyeza ndi kudula mafelemu a mawindo ku Jeppestown. M'labu ya ku koleji munali mafupa a munthu apulasitiki, olumikizidwa ndi mawaya, atapachikidwa pakona. Tinkawagwira limodzilimodzi n'kumatchula ntchito yake. Chigaza chimasunga ubongo. Nthiti zimatchinga mtima ndi mapapo. Fupa la ntchafu ndiye lalitali kuposa onse, limasenza thupi lonse, ndipo mkati mwa mafupa akuluakulu ndi momwe mumapangidwa magazi. Mayeso ake ndinakhoza bwino. Nditaona mkazi wanga akulephera kudzuka pampando ndi pomwe ndinamvetsa tanthauzo la mawu akuti kusenza.

Lachisanu ndinapempha kwa abwana n'kupita naye mwana kukiliniki ina yaing'ono. Anamujambula bondo, n'kundipatsa envulopu yakhaki. Anati dokotala woona zithunzizo amabwera Lolemba. Envulopuyo ndinaiika pamwamba pa furiji ndipo ndinadziuza kuti sindiitsegula.

Ndinaitsegula Loweruka m'mawa, mwana akuonera makatuni. Ndinakanikiza chithunzicho pagalasi la windo, kuwala kwa dzuwa n'kudutsa. Fupa la ntchafu linali loyera bwinobwino mpaka pafupi ndi bondo. Pamenepo panali mzere wakuda wodula fupa lonse, kuchoka mbali ina kufika inayo. Pansi pa bondo, pamutu pa fupa la msongolo, panali mzere wina wotero. Nsonga za mafupawo zinkaoneka ngati zadukako, zangoyandama pazokha.

Ndinabwezera chithunzicho mu envulopu. Ndinatsuka mbale, ndinachapa yunifolomu, ndinaisita isanaume n'komwe. Mwana atapempha mazira ndinamukazingira. Ndikudziwa kuti khansa ya m'bere sichoka mwa mayi n'kukalowa m'bondo la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkadziwa ngakhale tsiku limenelo. Koma maso anga anali ataona mdima pafupa, ndipo mdima pafupa ndinkaudziwa tanthauzo limodzi lokha.

Lamulungu kunabwera alamu anga, akulu ake a malemu mkazi wanga. Amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo amagona konko, koma Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amabwera kudzaluka mwana tsitsi la sabata yonse. Anakhala pasofa, mwana pansi pakati pa miyendo yawo, wopanda nsapato, ali ndi masokosi okha, akudya chipisi. Ine ndinagwada pafupi n'kuyamba kumusisita mwendo, kuyambira pantchafu kutsika, ndikukanikiza pang'onopang'ono.

"Apa pakupweteka?"

"Ayi, adadi."

"Nanga apa?"

"Mukundigirigisha!"

Alamu analuma chipeso m'mano n'kundiyang'ana. "Alamu, mwanayu mukufuna kumugula? Kuyambira ndafika muno mukungomupapasa ngati mbuzi ya pamsika."

"Akutsimphina."

"Ndani? Uyu? Uyu wandilandira pakhomo akudumpha ngati chiwala. Iwe, ukutsimphina?"

Mwana anangoweramitsa mutu, alamu n'kuuwongola ndi chala.

"Khala bwino, mzere ungakhote. Anthu ophunzira inu vuto lanu ndi limeneli. Mwana akayetsemula, mwatsegula kale buku."

Ndinaseka pang'ono kuti nkhani ithe. Za envulopu sindinawauze. Iwo ndi amene anasambitsa mng'ono wawo masiku omaliza, ndipo sindinafune kuwasenzetsa zimenezi tsiku limodzi nthawi isanakwane. Pochoka anaima pakhomo nthawi yaitali kuposa masiku onse, akukonza mpango womwe unali bwinobwino. Kenako anati, "Mawa mundiimbire," ngakhale sindinawauze kuti mawa kuli chiyani.

Lolemba ndinamuveka mwana yunifolomu kuti tikachoka kukiliniki apitirire kusukulu. Dokotala anali mayi wachizulu, wamfupi, magalasi ali pamphumi. Tinkayankhulana m'Chingerezi, koma ankanditchula kuti baba. Anaika chithunzicho pagalasi lowala, n'kuchiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri.

"Bondo labwino ili," anatero.

Ndinaimirira n'kuloza mizere ija. Mawu anga anatuluka ngati ndili m'kalasi. Ndinamuuza kuti fupa laduka apa ndi apa, kapena china chake chalidya.

Anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana ine, osati chithunzi. "Munaonapo zithunzi zotere, baba?"

"Zambiri."

"Za ndani?"

"Za mayi ake."

Sanafunse zambiri. Anakoka mpando n'kundiuza kuti ndikhale. Anati zithunzi zomwe ndinazolowera zinali za munthu wamkulu, yemwe mafupa ake anamaliza kukula. Mwana sakhala choncho. Kumapeto kwa fupa lililonse lalitali kumakhala kachigawo ka chicherewecherewe, chofewa ngati cha khutu, ndipo fupa limatalika kuchokera pamenepo. Makina ojambula sachiona, n'chifukwa chake pamada. Mwana akadzakula, malowo amauma n'kusanduka fupa, mzere n'kuzimiririka.

"Ndikanapanda kuiona mizere imeneyi pa msinkhu wakewu, ndiye ndikanada nkhawa," anatero. "Apa ndi pomwe akukulira."

Ndinakumbuka kuti zimenezi zinalimo m'buku la ku koleji, ndime imodzi kapena ziwiri. Koma mafupa apulasitiki aja anali a munthu wamkulu, ndipo ine ndinali ndisanaonepo mkati mwa mwana.

"Nanga kutsimphinaku?" ndinafunsa.

Dokotala anamuuza mwana kuti ayende kufika pakhomo n'kubwerera. Anatsimphina. Anamukweza pabedi, anapinda bondo, analiwongola, analitembenuza uku ndi uku, mwana ali phee. Ndiye anagwira nsapato yakumanja kuti aivule, koma inakana. Anamasula lamba, anakoka ndi manja awiri, n'kutuluka. Sokosi inali itamatirira kuchala chachikulu. Pansi pake panali thuza lophulika, chikhadabo chitada, ndipo zala zinazo zinali zitapindikira pansi ngati za nkhuku.

Anayezera nsapatoyo kuphazi. Phazi linapitirira.

"Sisi, nsapatozi zimakupweteka?"

Mwana anagwedeza mutu kuvomera.

"Bwanji sunawauze adadi ako?"

Anayang'ana ine, kenako khoma. Anayankha m'Chichewa, motsitsa mawu. "Anandigulira ndi amami."

Dokotala anandiyang'ana kuti ndimasulire. Ndinamasulira. Iye anatenga thonje ndi mankhwala n'kuyamba kutsuka chalacho. Anati bondo linkapweteka chifukwa choponda cham'mbali pothawa thuzalo, ndipo lisiya lokha.

Nsapato zimenezo ndinkazipolisha ine Lamulungu lililonse madzulo. Ndine munthu woyeza zinthu tsiku lonse, sindiphonya ngakhale milimita pa felemu, koma phazi la mwana wanga ndinali ndisanaliyezepo. Zovala ndi nsapato zake ankaona ndi mayi ake. Ankadina ndi chala chamanthu kutsogolo kwa nsapato n'kunena kuti yatsala mwezi umodzi. Ine ndinkangomva kuti zatsopano zagulidwa.

Kusukulu sanapite tsiku limenelo. Ndinamubereka kumsana kutsika naye m'tauni, nsapato zili m'manja mwake, zikundimenya pachifuwa. Anali wolemera kuposa momwe ndinkaganizira. M'sitolo, mayi wogulitsa anamuyeza phazi n'kundiuza kuti wadumpha masaizi awiri. Akupita kukatenga bokosi, ine ndinakhala pa kabenchi koyesera ana nsapato, mawondo ali m'chibwano. Ndili pomwepo ndinaimbira alamu.

"Nsapato?" anatero. "Nsapato basi?"

"Basi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati akandinena kutchalitchi, mphunzitsi wa sayansi wopita ndi mwana ku ekisire chifukwa cha nsapato yothina. Kenako kuseka kuja kunasintha, ndipo ndinamva akupuma movutikira. Anati abwana awo akuwaitana, n'kudula foni.

Mwana anavala zatsopanozo n'kuyenda mpaka kumapeto kwa sitolo, poyamba mosamala, pobwerera akuthamanga. Wogulitsa uja ananyamula zakale zija n'kufunsa ngati azitaye. Mwana anandiyang'ana. Ndinapempha kuti atiikire m'bokosi la zatsopanozo, ndipo bokosilo analinyamula yekha mpaka pokwerera takisi.